Khosi la njinga yamoto layamba kugwedera: kodi ndiike maberingi a mtundu watsopano?

Wa ku Ntcheu, Rosettenville

Akuluakulu nonse, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za njinga zamoto. Ndimagwira ntchito yokasiyira anthu zakudya ndi katundu wa m'sitolo kuno ku Johannesburg, ndipo njinga yomwe ndimayendera ndi ya 150cc, imene ndinaigula kwa munthu chaka chatha itayenda kale makilomita 31,000. Lero yafika pa 58,000. Kwa milungu itatu tsopano, ndikagwira buleki yakutsogolo pa loboti, ndikumamva kaphokoso kakuti "gwa" kochokera pakhosi pa njinga, pansi penipeni pa mahandulo, ndipo kugundako kumafika mpaka m'manja. Poyamba ndinkaganiza kuti bokosi la katundu ndi lomwe lakhwepa, koma nditalimbitsa mabawuti ake onse phokosolo silinathe.

Lachitatu lapitali, ndikulowera ku tauni mvula itangokata, ndinagwera m'dzenje lomwe linabisika ndi madzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo mahandulo akumakhala ngati akukodwa pakati ndikafuna kukhota pang'onopang'ono. Madzulo ake ndinaimika njinga pa sitandi yapakati, mnzanga amene ndimakhala naye nyumba imodzi anakhala kumbuyo kuti tayala lakutsogolo linyamuke, ndipo nditagwira mafoloko, zitsulo ziwiri zogwira tayalalo, m'munsi n'kuwakankhira kutsogolo ndi kumbuyo, ndinamva bwinobwino kuti pakhosipo pakugwedera.

Dzulo ndinapita ku sitolo ina ya masipeya ku Jules Street. Wogulitsa anandionetsa maberingi a pakhosi, omwe ndi timipira tachitsulo ndi makapu ake (mikombero yomwe timipirato timagudubuzikamo), zofanana ndi zomwe njingayi inabwera nazo, koma anandilangiza kuti ndigule maberingi a tapered roller, omwe iye akuti ndi mtundu watsopano wolowa m'malo mwa timipirato. Mtengo wake ukuposa wa timipira pafupifupi katatu, ndipo nditawaika pamodzi pa kauntala ndinaona kuti atsopanowo ndi otalikirapo pang'ono. Ndinabwerako osagula kanthu, chifukwa ndinaopa kutaya ndalama pa chinthu chomwe mwina sichikwana.

Kodi kungolimbitsa nati ya pakhosi sikungathetse vutoli? Ngati kusintha n'kosapeweka, ndibwezere timipira kapena ndiike atsopanowa? Komanso kodi ndi ntchito yoti ndingaigwire ndekha pabwalo la nyumba? Njingayi ndi khasu langa, ndipo ikagona tsiku limodzi, lendi ya kuno ndi fizi ya ana kumudzi zimasokonekera.

Makaniko wa ku Jeppestown

Achimwene, mwafotokoza momveka moti matenda a njingayo ndawaona ndisanaigwire. Mwatchula zizindikiro ziwiri, ndipo n'zosiyana. Kugwedera kokha kukanatha ndi kulimbitsa nati, koma kukodwa kwa mahandulo pakati kukusonyeza kuti makapu akumbika kale timaenje, ndipo mukalimbitsa nati pa makapu okumbika mungokanikizira timipira m'timaenjemo, kukodwako n'kukulirakulira. Choncho yankho la funso lanu loyamba ndi lakuti nthawi yongolimbitsa inadutsa.

Chomwe chimachitika n'chakuti khosi la njinga silizungulira ngati tayala. Nthawi yambiri mahandulo amakhala atalunjika kutsogolo n'kumangosuntha pang'onopang'ono, moti kampira kalikonse kamagunda pa malo amodzimodzi a kapu tsiku lonse, girisi n'kukankhidwira kumbali, chitsulo n'kumadyana ndi chitsulo chinzake. Nati ikakhwepa pang'ono, dzenje lililonse la mumsewu limasanduka nyundo. Akatswiri amatcha kukumbika kumeneku brinelling, potengera dzina la Johan August Brinell wa ku Sweden, amene mu 1900 anaonetsa njira yoyezera kulimba kwa chitsulo pokanikizira kampira kolimba pa chitsulocho n'kuyeza kukula kwa kadzenje komwe katsala. Zomwe iye ankachita dala pofuna kuyeza, njinga yanu yazichita yokha pa makapu ake.

Mawu akuti "watsopano" asakusokonezeni. Beringi ya tapered roller ndi yakale kwambiri: Henry Timken, yemwe ankapanga ngolo zokokedwa ndi akavalo ku St. Louis m'dziko la America, anailembetsa monga luso lake mu 1898. Ndi yatsopano pa njinga yanu yokha. Ubwino wake ndi wakuti m'malo mwa timipira muli tizitsulo tobulungira totalika, tosongokera mbali imodzi, tomwe timakhudza kapu m'litali mwake monse, pamene kampira kamakhudza pa kadontho kamodzi. Kulemera kukagawika pa malo aakulu chotero, kapu imachedwa kukumbika. Kwa munthu amene amagwira buleki kambirimbiri pa tsiku m'misewu ya maenje ngati inu, ine ndimalangiza tapered roller mosakayika.

Koma mwachita bwino kwambiri kubwerako osagula, ndipo pomwe mwaona kuti ndi otalikirapo ndi pomwe pagona nkhani. Beringi sigulidwa ndi maso kapena ndi dzina la njinga lokha, imagulidwa ndi muyeso. Pafunika vernier, chida choyezera kukula kwa zitsulo, ndipo muyeze zinthu zitatu: kukula kwa bowo la pa felemu momwe mumalowa kapu, kunenepa kwa stem, chitsulo chija chodutsa pakati pa khosi, ndi kutalika kwa beringi yonse ikaphatikizidwa. Stem muiyeze kumwamba ndi kumunsi komwe, chifukwa pa njinga zambiri miyeso iwiriyi imasiyana. Kuti muone kuopsa kongoyerekeza, beringi ya nambala 32005 ili ndi bowo la mamilimita 25, kunja kwake 47, kutalika 15, pamene ya nambala 30205 ili ndi bowo lomwelo la 25, koma kunja kwake ndi 52 ndipo kutalika ndi 16.25. Zonse ziwiri zilowa pa stem imodzimodzi, koma ndi imodzi yokha yomwe ingakwane mu felemu. Komanso njinga zing'onozing'ono zambiri zili ndi miyeso yakeyake yomwe sipezeka pa manambala wambawa, ndiye chifukwa chake amagulitsa phukusi lopangira njinga imeneyo, lokhala ndi maberingi awiri, zotchinga fumbi, ndipo nthawi zina mawashala.

Kutalikako kukaposa ndi milimita imodzi, kawirikawiri sipakhala vuto. Kukaposa kwambiri, yoke yapamwamba, chitsulo chogwira mafoloko onse awiri, imakwera, mazinga otsalira nati amachepa, ndipo loko wa mahandulo akhoza kuleka kulowa m'bowo lake. Kukachepa, yoke yapansi imakhula felemu, ndipo apo ndi pomwe washala amagwira ntchito. Muuze wogulitsayo kuti akuloleni kubweza phukusilo ngati miyeso isiyana, musanalitsegule n'kulipaka girisi.

Musanamasule chilichonse, gwedezaninso tayala lakutsogolo cham'mbali ndi kuona mabawuti a buleki, chifukwa maberingi a tayala otha kapena buleki yokhwepa zimatulutsa phokoso lofanana, ndipo n'zotheka kuti mavutowo alipo awiri.

Che wa ku Mangochi, Randburg

Bambo makaniko anena zoona pa za makapu, ndipo sindikutsutsa kuti ayenera kusinthidwa. Pomwe ndikusiyana nawo ndi pa mtundu wa beringi. Ndisanabwere kuno ndinayendetsa kabaza wa njinga yamoto zaka zinayi, m'misewu yafumbi ndi yamiyala, nditanyamula anthu awiri kapena matumba a usipa, ndipo njinga imeneyo inali ya timipira. Chaka chilichonse mvula ikamayandikira ndinkamasula khosi, kutsuka timipira ndi palafini, kupaka girisi watsopano ndi kulimbitsa, ndipo makapu sanakumbikepo. Ine ndimaona kuti chimene chimapha maberingi a pakhosi ndi madzi ndi kusasamala. Kuno ambirife timatsukitsa njinga ndi mipope yamphamvu ya kotsukira magalimoto, ndipo madziwo akalunjikitsidwa pansi pa khosi amalowa m'beringi yapansi n'kutsuka girisi yense. Mukaika tapered roller n'kupitiriza kutero, nayonso ichita dzimbiri.

Chinanso, achimwene, n'chimene chinandichitikira ine. Njinga yanga ya kuno ndinaiika tapered roller, ndipo amene anandithandiza kumanga anathinitsa nati kwambiri poopa kuti igwederanso. Tili pabwalo zinkaoneka bwino, mahandulo ankatembenuka mosalala. Koma nditalowa mu Malibongwe Drive njinga inayamba kuyenda mokhotakhota ngati njoka, makamaka ndikamayenda pang'onopang'ono pakati pa magalimoto, ndipo ndinkachita kulimbana nayo kuti ilunjike. Njinga yamoto imadziwongola yokha ndi timayendedwe tating'ono ta mahandulo tomwe woyendetsa sazindikira n'komwe, ndipo khosi likathina timayendedweto timalephereka. Timipira tikathina timadziwika msanga chifukwa timakodwakodwa, koma tapered roller imabisa kuthinako, munthu n'kukazindikira ali kale pamsewu. Ndinachita mantha kwambiri tsiku limenelo.

Choncho ngati ndalama zili zovuta mwezi uno, makapu ndi timipira tatsopano tabwino sizidzakuchititsani manyazi. Ngati musankha tapered roller, ipatseni munthu amene anaimangapo kale.

Mayi wa ku Zomba, Turffontein

Ine sindiyendetsa, koma ndili ndi njinga zinayi zomwe achinyamata akwathu amabwereka pa mlungu, ndipo ndalama zokonzetsera zimachoka m'thumba mwanga. Zonse zinayi ndinazisintha n'kuika tapered roller, ndipo chifukwa changa ndi nthawi. Achimwene a ku Mangochi akunena zoona kuti timipira tosamalidwa timakhalitsa, koma mnyamata amene amadzuka mbandakucha n'kubwerako usiku, masiku asanu ndi limodzi pa mlungu, samasula khosi la njinga chaka ndi chaka, ngakhale atalonjeza. Chitsulo chomwe chimapirira kuiwalidwa n'chimene chimandithandiza.

Chimene chinandigamulitsa ndi ichi. Njinga imodzi inakonzedwa pabwalo panga, yabwezeredwa timipira, ndipo m'mawa mwake ndikusesa ndinatola kampira kamodzi konyezimira, kadakali ndi girisi, pafupi ndi mpopi. Timipira timeneti sitikhala m'chogwirira chilichonse, timangomatidwa ndi girisi pa kapu, ndipo pokweza stem kamodzi kanagwa popanda woona. Tinachita kumasulanso khosi lonse. Mukasankha timipira, muwerenge tomwe mwachotsa kumwamba ndi kumunsi padera, ndipo muyale nsalu pansi.

Pa za kugula, tengani lisiti ndipo muisunge. Lamulo la dziko lino loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, limanena m'ndime 56 kuti katundu akapezeka ndi vuto pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, wogula akhoza kumubweza kuti akonzedwe, asinthidwe kapena ndalama zibwezedwe. Ndime 57 imanena kuti wokonza akakuikirani sipeya, sipeyayo pamodzi ndi ntchito yake zili ndi chitsimikizo cha miyezi itatu. Lamuloli limateteza wogula aliyense, koma popanda pepala losonyeza tsiku ndi malo n'kovuta kulimbikira. Dziwaninso kuti ngati sipeya ilibe vuto koma inu munalakwitsa muyeso, kubweza kumadalira mgwirizano wanu ndi wogulitsa, ndiye mawu a bambo makaniko oti mugwirizane musanalipire muwatsatire.

Maberingi achinyengo aliponso ambiri, olembedwa mayina a makampani odziwika monga SKF, Timken, NSK kapena Koyo pamene sanapangidwe kumeneko. Kampani ya SKF inafika pokonza pulogalamu ya pafoni yotumizira zithunzi za beringi kuti akuuzeni ngati ili yeniyeni. Ine ndikaona dzina lalikulu pa mtengo wotsika modabwitsa, ndimachoka.

Makaniko wa ku Jeppestown

Zomwe anena achimwene a ku Mangochi za kuthinitsa ndi zoona, ndipo ndi cholakwa chomwe ndimachiona kawirikawiri kuposa china chilichonse pa ntchitoyi. Ndiyankhe funso lachitatu lija, loti mungaigwire nokha kapena ayi, pofotokoza momwe imayendera, kenako mudziyeze nokha.

Kuchotsa tayala, mafoloko ndi mahandulo n'kosavuta, bola njinga itsamiritsidwe bwino kuti isagwe. Makapu akale a mu felemu amatuluka pokhoma ndi chitsulo chachitali kuchokera mbali inayo, mozungulira pang'onopang'ono, osati mbali imodzi, chifukwa kapu ikatuluka mopendekeka imakulitsa bowo la felemu. Ngati kapu ingagwe yokha kapena kutuluka ndi dzanja, imani pomwepo, chifukwa ndiye kuti bowolo linakula kale ndipo beringi yatsopano sidzagwira. Chovuta kwenikweni ndi koni, mkombero wamkati wa beringi wa pansi pa stem, yomwe imakhala itakakamira. Ine ndimaicheka pang'ono ndi girayinda mosamala kuti ndisakhudze stem, kenako ndimaimenya ndi tchizulo mpaka itang'ambika.

Makapu atsopano muwagoneke m'firiji yoziziritsa kwambiri kuti achepe pang'ono, ndipo powakhomera muikepo kapu yakale pamwamba kuti nyundo isamenye chatsopanocho. Mudzamva kulira kwa nyundo kukusintha kapu ikafika pansi. Pa stem, chotchinga fumbi chimayamba kulowa beringi isanalowe. Ambiri amaiwala, ndipo beringiyo ikakhomedwa sichokanso osawonongeka. Poikhomera mugwiritse ntchito paipi yogunda mkombero wamkati wokha, isakhudze chogwirira tizitsulo tija. Girisi musangopaka pamwamba: muike pachikhatho n'kukanikizira beringi mpaka girisiyo atatulukira mbali inayo, ndipo akhale wosalowa madzi.

Pomanga nati, muyambe mwaithinitsa ndithu, mutembenuze mahandulo uku ndi uku kangapo kuti maberingi akhazikike, kenako muimasule, ndipo muibwezere pang'onopang'ono mpaka kugwedera kutangotha, osapitirira. Kumbukirani kuti nati yaikulu ya pamwamba pa yoke ikamangidwa imawonjezera kuthina, choncho muyeso weniweni muutenge zonse zitamangidwa. Tayala lili m'mwamba, mahandulo mukawakankha pang'ono ndi chala kuchokera pakati azigwera okha kumbali mofatsa. Akaima panjira, athina, kapena waya wina wakoka. Mukadzafuna kusintha kathinidwe pambuyo pake, muyambe mwamasula nati ya pamwamba ija ndi mabawuti ogwira mafoloko pa yoke yapamwamba, apo ayi nati yapansi idzangolimbana ndi mafoloko. Ndipo maberingi atsopano amakhazikika akayenda, moti patatha makilomita mazana angapo muyenera kuyesanso.

Ngati mulibe girayinda, vernier ndi sipanala ya ngowe yomangira nati ya pakhosi, ndikukulangizani kuti mupite nayo kwa makaniko aliyense wodziwa njinga zamoto, muime pambali n'kumaonerera.

Wa ku Ntcheu, Rosettenville

Ndabweranso kudzathokoza nonse ndi kufotokoza momwe zinathera. Nditawerenga za girayinda pafupi ndi stem ndinadziwa kuti si ntchito yoti ndiphunzirire pa njinga yomwe ndimadyera, choncho Lolemba lapitalo, tsiku lomwe maoda amachepa, ndinapita nayo kwa makaniko wina wa ku Booysens ndipo ndinakhala pomwepo mpaka kumapeto.

Titamasula, beringi yapamwamba inali idakali ndi girisi wakuda pang'ono, koma yapansi inali youma, yodzaza ndi phala lofiirira la dzimbiri, ndipo timipira tina tinali titasiya kunyezimira n'kukhala tokhakhala. Nditayendetsa chikhadabo mu kapu yapansi ndinamva timaenje tondondozana mozungulira, takuya kwambiri mbali yakutsogolo. Achimwene a ku Mangochi, za mipope ija munalasa, chifukwa ndakhala ndikutsukitsa njingayi motero mlungu uliwonse chiigulireni, ndipo tsopano ndikutsuka ndi ndowa ndi nsalu.

Ndinasankha tapered roller. Tinayamba tayeza zonse, ndipo stem inapezekadi kuti ndi yonenepa kumunsi kuposa kumwamba. Ndinabwerera ku sitolo ija ndi miyeso italembedwa papepala pamodzi ndi makapu akale m'thumba, wogulitsa anavomera kuti ndingabweze ngati sizikwana, ndipo lisiti ndaisunga monga munanenera, mayi. Maberingi atsopano anaposa akale ndi milimita imodzi ndi theka akaphatikizidwa onse awiri. Mazinga a nati anatsala okwanira, ndipo loko wa mahandulo akulowa, ngakhale kuti ndikumachita kugwedeza mahandulo pang'ono kuti akhale bwino.

Phokoso lija linatheratu ndipo kukodwa kulibenso. Nditayenda makilomita 450 ndinaimikanso njinga pa sitandi, ndipo ndinamva kugwedera kochepa kwambiri, monga munachenjezera bambo makaniko. Ndinabwerera ku Booysens, tinamasula nati ya pamwamba ndi mabawuti a mafoloko, ndipo nati ya pakhosi inangofuna kusunthidwa pang'ono chabe.

Chatsala chimodzi chomwe ndikufuna kumva kwa inu, bambo makaniko. Tayala lili m'mwamba, mahandulo akugwera okha kumanzere bwinobwino, koma kumanja akuima atatsala pang'ono kufika kumapeto. Ndikuganiza kuti ndi waya wa kilatchi womwe tinaudutsitsa kutsogolo kwa foloko pomanga, pamene kale unkadutsa kumbuyo kwake. Kodi ndiyambe ndaubwezera wayayo m'njira yake yakale n'kuyesanso, ndisanakhudze nati?